Kusintha driver mu tochi ya LED: ndigule yotani, nanga ndiyike bwanji?

Chipiliro_K

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi matochi awiri. Yoyamba ndi Convoy S2+ ya LED ya Cree XM-L2, imayendera batire limodzi la 18650, ndipo driver yake (kabolodi kolamulira moto wopita ku LED) ili ndi ma 7135 atatu (tizipangizo toika malire a motowo). Ndikufuna iziwala kuposa apa. Yachiwiri ndi ya zoom ya pamsika, swichi yake ili kumbuyo. Imeneyi ukaizimitsa n'kuiyatsanso imalumphira pa mode yotsatira, ndiye magetsi akathima umayamba wadutsa kuphethira ndi SOS usanapeze kuwala kwabwinobwino. Pa intaneti ndikuona ma driver a 2.8A, a 5A, ena alembedwa FET, ena buck, ena boost. Ndigule iti, ndipo poika ndisamale chiyani?

MagetsiNdiMoyo

A Chipiliro, tiyambe ndi S2+, chifukwa imeneyo anaipanga yoti izitsegulidwa. Driver yake ndi ya 17mm, ndipo kabolodi komwe pakhala LED ndi ka 16mm. Ka 7135 kalikonse kamalola 350mA basi, choncho atatu anuwo akukupatsani 1.05A. Ma 7135 okwana 6 amapereka 2.1A, okwana 8 amapereka 2.8A. Malire a XM-L2 omwe Cree inaika ndi 3A, ndiye driver ya mtundu wa Nanjg 105C ya ma 7135 okwana 8 ndi pomwe mungalekezere. Ya 5A ija isiyeni. Imeneyo ndi ya LED ngati Luminus SST-40, yomwe imapirira 5A.

Mudziwe mmene 7135 imagwirira ntchito, chifukwa mavuto ake amachokera pomwepo. Batire lodzaza limakhala pa 4.2V, pomwe LED pa ma amp amenewa imafuna pafupifupi 3.2V mpaka 3.3V. Zotsalazo driver imazisandutsa kutentha. Batire likangochoka pa chaja, ma watt awiri kapena kuposerapo amathera pa kabolodi kakang'onoko. Batire likatsika kufika pafupi ndi ma volt omwe LED ikufuna, kuwala kumayamba kuchepa pang'onopang'ono.

Enawo mwachidule. Buck ndi yotsitsa ma volt, imafunika kwambiri pa tochi ya mabatire awiri otsatizana, omwe amafika 8.4V. Ma 7135 sapirira kuposa 6V, mukawapatsa mabatire awiri amapsa. Boost ndi yokweza ma volt, ya LED za 6V kapena 12V monga XHP50.2 ndi XHP35. Mukailumikiza ku XM-L2 mwaipha. FET ilibe malire akeake: imangolumikiza batire ku LED, ndipo chomwe chimaletsa moto ndi batire, mawaya ndi LED yomweyo. Ndi batire lamphamvu ngati Samsung 30Q, moto umadutsa kutali malire a LED, kuwala kumasanduka kwabuluu, kenako LED imafa.

Komanso muonetsetse kuti driver ndi ya swichi yodula moto kumbuyo. Ya swichi yam'mbali imafuna moto wosadukiza ndi waya wachitatu, singagwire pa S2+.

Fundi_Mponda

Zomwe anena a Magetsi n'zoona, koma ine pa ma 7135 okwana 8 sindikugwirizana nazo kwenikweni. S2+ ndi kachubu kowonda, kalibe chitsulo chokwanira chomwazira kutentha, ndipo 105C sidzichepetsa yokha ikatentha. Pa 2.8A mutu wa tochi umafika posagwirika m'mphindi zochepa, ndipo batire la 3000mAh limatha mu ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Pa 2.1A mumapeza pafupifupi ola ndi theka, koma diso silisiyanitsa kwenikweni. Kuti munthu aone ngati kuwala kwawirikiza kawiri, ma lumen amayenera kuchuluka pafupifupi kanayi. Ngati tochiyo ndi yoyendera usiku kapena yolondera, tengani ya ma 7135 okwana 6.

Kayikidwe kake nayi. Chotsani batire, masulani mutu. Mukasuzumira mkati muona pill, kachitsulo kachikasu konyamula LED ndi driver, kokhala ndi timabowo tiwiri. Lowetsani nsonga za tweezer mmenemo n'kupotokola. Ikatuluka, reflector, galasi ndi mphira wake zimatsatira, ndiye gwirirani ntchito pansalu yoyera. Mkati mwa reflector musakhudzemo ngakhale ndi thonje, mumakalika msanga ndipo sizibwerera. Jambulani ndi foni musanachotse waya aliyense.

Soldering iron ikhale pa 330 mpaka 350°C, solda wa 60/40, ndi flux (mankhwala othandiza solda kugwira chitsulo). Chotsani mawaya awiri pa kabolodi ka LED, kenako masulani mphete yomwe imapanikiza driver kumbuyo. Apa pali msampha: 105C ya ma 7135 mbali zonse ziwiri nthawi zambiri sikwanirana ndi mpheteyo, chifukwa tizipangizo ta mbali ya sipuling'i timaitchinga. Zikatero mumawotcherera m'mphepete mwa driver ku pill pamalo awiri. Pill imamwa kutentha kwambiri, choncho palani pamalopo ndi sandpaper, pakani flux, ndipo mugwiritse nsonga yaikulu. Solda akangoundana pamwamba osagwira chitsulo, tochi iziphethira kapena kusintha mode yokha mukaigwedeza, chifukwa mainasi imadutsa pamenepo.

Mawaya akhale a silicone a 22 kapena 24 AWG, aafupi. Wofiira ku pulasi, wakuda ku mainasi. Pansi pa kabolodi ka LED pukutani phala lakale, muikepo thermal paste (phala lopititsa kutentha ku pill) wochepa ngati njere ya mpunga, n'kukanikiza kuti afalikire. Wochuluka amatchinga kutentha m'malo mokuchotsa.

Chomwe chimaononga ma driver ambiri atsopano ndi solda wotukuka pa kabolodi ka LED. Reflector ndi ya aluminiyamu, mukamanga imagunda chotupacho n'kupanga shoti. Mawaya agone, solda akhale wophwatalala, kapulasitiki koyera kozungulira LED kabwerere pamalo pake, ndipo pamwamba pa solda matanipo Kapton tape (tepi yopirira kutentha). Musanaike batire, ikani multimeter pa continuity (poyezera ngati mbali ziwiri zalumikizana), nsonga imodzi pa sipuling'i, inayo pa pill. Ikalira mosalekeza pali shoti, musayatse. 18650 ikachita shoti sipuling'i imafiira n'kufota, ndipo batire likhoza kuphulika.

Chipiliro_K

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nditenga ya 6. Nanga ya zoom ija? Ndiponso mabatire ochotsa mu laputopu yakale angathe?

Mai_Elekitironiki

Achimwene, ya zoom muitsegule kaye musanagule kanthu. Yang'anani pansi pa kabolodi ka LED. M'matochi ambiri otchipa pill imakhala ndi bowo pakati, kabolodi kamangotsamira m'mphepete, ndipo zina pill yake ndi yapulasitiki. Kutentha kulibe kolowera. Mukakweza moto pamenepo LED imapsa, ndipo nthawi zambiri LED yomweyo si Cree yeniyeni ngakhale pa katoni analemba T6, chizindikiro cha gulu lina la LED za Cree. Pa tochi yotere cholinga chikhale kuchotsa kuphethira basi: driver ya ma 7135 awiri kapena atatu, 700mA mpaka 1.05A, ndi yokwanira.

Yezani kukula kwa driver yakale ndi caliper, musangoganizira. Zina ndi 17mm, zina 20mm, zina za pakati. Ngati yatsopano yakula pang'ono, mukhoza kupala m'mphepete ndi fayilo, bola mzere wamkuwa wa mainasi utsale. Ngati yachepa, chotsani tizipangizo tonse pa driver yakale, muisiye ngati polumikizira batire, n'kukokera mawaya awiri ku yatsopano. Koma ngati tochiyo imatchajira pa USB, dziwani kuti zotchajira zimakhala pa bolodi yomweyo, ndiye mukaichotsa muzitchajira batire pa chaja chapadera.

Pa 105C yakale pali tinyenyezi tinayi mbali ya sipuling'i. Mukalumikiza kamodzi ndi solda ku mzere wa m'mphepete, gulu la ma mode limasintha, ndipo lilipo lopanda kuphethira. Funsani wogulitsa kuti ndi kati, chifukwa zimatengera pulogalamu yomwe ili mu ATtiny13A, kachipangizo kolamulira ma mode pa driver. Ma driver a Convoy a pulogalamu ya Biscotti alibe chintchito chimenechi: magulu ake 12 mumasankha pongodina swichi, ndipo kukumbukira mode mukhoza kuyatsa kapena kuzimitsa.

Za mabatire a laputopu: pa 1A amatha bwino. Lomwe mwalipeza pansi pa 2.5V musalitchaje. Enawo atchajeni, muwasiye sabata imodzi, lomwe latsika kwambiri lokha kapena latentha potchaja lichotseni. Pa 2A kupita m'mwamba batire lotopa limagwa ma volt mukangoyatsa, ndiye driver yatsopano ioneka ngati yabodza pomwe vuto ndi batire. Mabatirewa alibe chitetezo mkati, choncho driver ikhale yochenjeza ma volt akatsika cha pa 3V. Aja olembedwa 9900mAh ndi abodza, palibe 18650 yeniyeni yofika pamenepo.

MagetsiNdiMoyo

Kuonjezera pa za mayi, mukamaliza yezani moto. Chotsani chotsekera chakumbuyo, multimeter muiike pa 10A, nsonga yakuda pa mainasi ya batire, yofiira pa mkombero wa chubu pomwe palibe utoto. Ndi batire lodzaza, ya 6 iyenera kuonetsa pafupifupi 2.1A pa mode yapamwamba. Ikaonetsa 1.75A yosasuntha, 7135 imodzi sikugwira, ionjezereni solda. Ikamayamba pamwamba n'kutsika msanga, ndi batire. Mawaya owonda a multimeter yotchipa nawonso amadya moto, ndiye ngati nambala yachepa yesani ndi mawaya aafupi, onenepa, musanamasulenso tochi.