Mafayilo onse atsekeka nditaikitsa Office ya crack, kodi ndilipire?

NaBanda wa ku Kapata:
Abale anga ndithandizeni nzeru, tulo sindikugona. Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pafupi ndi msika wa Kapata. Mwezi watha Word inayamba kukana kulemba, pamwamba pakungobwera mzere wofiira wonena kuti laisensi palibe. Mnyamata wina wokonza mafoni mbali yomweyo anabwera ndi fulashi yake, anazimitsa antivirus nati "iyi imangosokoneza", n'kundiikira Office ya crack, yothyoledwa kuti izigwira ntchito popanda laisensi. Ndinamupatsa K50, n'kumuthokozanso.

Lachiwiri m'mawa ndikuyatsa laputopu, mafayilo onse asintha. Kumapeto kwa dzina lililonse kwamatidwa zilembo zinayi zachilendo, ndipo palibe imene ikutseguka. Muli kakalata kotchedwa _readme.txt, amene atseka mafayilowo akufuna madola 980 kuti awatsegule, ati ndikalipira asanathe maola 72 atsitsa kufika 490. Zanga ndingapirire. Chondiwawa ndi lipoti la mtsikana wina wophunzira unamwino, masamba 64, amene takhala tikutayipa naye milungu itatu, iye akuwerenga m'kope ine ndikulemba. Palinso makhadi a ukwati wa Loweruka lino. Kodi ndigulitse fotokopiya ndiwalipire?

Aphunzitsi a ku Katete:
Pepani amayi. Fotokopiya musagulitse ndipo musalipire, anthu amenewa akalandira ndalama palibe chowakakamiza kukutumizirani kiyi yotsegulira mafayilowo. Mmene mwafotokozeramu ndi kachilombo ka STOP/Djvu, kamene kamalowa makamaka kudzera mu ma crack ndi ma keygen (timapulogalamu topanga manambala a laisensi achinyengo). Antivirus ija inkalira chifukwa inaona mbala pakhomo.

Choyamba chotsani laputopu pa intaneti, ndipo musalowetsemo fulashi ya kasitomala aliyense. Mafayilo otsekekawo musafufute, akopereni pa hard drive yapadera. Kenako pitani pa kompyuta ina mutsegule tsamba la No More Ransom, lopereka zotsegulira mafayilo zaulere, limene Europol (bungwe la apolisi la ku Ulaya) ndi apolisi a ku Netherlands anayambitsa mu 2016. Kampani ya Emsisoft inatulutsanso chotsegulira chaulere mu 2019, koma ndinene zoona, chimathandiza ochepa, makamaka ngati kachilomboko kanatseka mafayilo kompyuta ili yosalumikizidwa pa intaneti. Sinthaninso mapasiwedi a Facebook ndi imelo pogwiritsa ntchito foni, poti nthawi zambiri kamabwera ndi kanzake koba mapasiwedi.

Mtsikanayo munamutumizirako lipotilo pa WhatsApp? Funsani lero lomwe.

Tembo wa ku Petauke:
Ine ndimakonza makompyuta, ndiye ndilankhulako. Mnyamatayo walakwa, koma musamuyese mfiti. Kasitomala amabwera ndi laputopu yakale yogula pa mtengo wozizira, ukamuuza mtengo wa laisensi, n'kuwonjeza kuti ina imalipiridwa chaka ndi chaka ndi khadi la kubanki, amanyamuka kupita kwa mnzako wa pafupi. Inenso ndinkaika, sindibisa. Ndinasiya tsiku limene kompyuta yanga yomwe inataya zithunzi zonse za maliro a bambo anga. Masiku ano ndimaika LibreOffice m'malo mwa Office. Ndi yaulere mwalamulo, imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel (.docx ndi .xlsx), ndipo sifuna bandulo kuti igwire ntchito. Matebulo ovuta nthawi zina amasuntha pang'ono, ndiye musanapulinte yang'anani kaye. Laputopu yanuyo amayi ifunika kufufuta zonse n'kuyambanso, kungochotsa Office sikokwanira.

Msungwana wa ku Mchini:
Amayi pepani kwambiri. Koma a Tembo, nkhani ya umphawi ine imandivuta kuimva. Mlongo wanga amaimba, anagulitsa mbewu zake kuti ajambule nyimbo, patangopita sabata zinali m'mamemori khadi pamsika, iye osaonapo ngakhale ngwee. Lamulo la copyright la 1994 la kuno ku Zambia limateteza nyimbo ndi mapulogalamu a kompyuta chimodzimodzi. Tikamalira za oimba athu, zinazi tisamazione ngati zotola.

NaBanda wa ku Kapata:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni, mtsikana uja wapeza pa WhatsApp lipoti limene ndinamutumizira sabata yatha, lafika tsamba 51. Otsalawo ali m'kope lake, tiyamba mawa 6 koloko magetsi asanapite, pa kompyuta ya mnzanga. Chotsegulira cha Emsisoft chakana, chikuti kiyi yake ndi ya online, kutanthauza kuti mafayilo anatsekedwa laputopu ili pa intaneti. Makhadi a ukwati ndikuyambanso usiku uno. A Tembo, LibreOffice imeneyo ili ndi zilembo zokongola za makhadi, kapena ndizifune padera?