Galu wabwezedwa kachiwiri, ndalama zikungopita

Wothandizira dokotala wa ziweto, Lilongwe: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tili ndi galu wamphongo wa chaka ndi theka, wa mtundu wa Malinois wosakanikirana ndi galu wakumudzi. Tinakamumasula pa tcheni ku Chinsapo, khosi lili chilonda, mphere thupi lonse, nkhupakupa zili mbwee m'makutu. Tamuchiritsa, tamubaya katemera wa chiwewe, tamufula. Mabanja awiri amutenga, onse amubweza. Oyamba akuti wakumba maluwa ndi kung'amba zovala pachingwe. Achiwiri akuti wapha nkhuku. Abwana akuti tingomupereka ulere kuti achoke msanga. Ine mtima ukukana.

AVO (mlangizi wa ziweto), Mchinji: Achemwali, tisanafike pa ndalama, anthuwo ankamusunga bwanji?

Wothandizira dokotala, Lilongwe: Monga mwa masiku onse. Masana m'khola la malata kuseri kwa nyumba, usiku kumumasula kuti alondere.

Dokotala, Blantyre: Basi, vuto ndi lomwelo. Malinois anachokera ku Belgium, ntchito yake inali yoweta nkhosa tsiku lathunthu, n'chifukwa chake apolisi ndi asilikali a mayiko ambiri amamukonda. Galu wotero mukamutsekera kuyambira m'mawa mpaka usiku m'kakhola kotentha, mukadzatsegula amatuluka ngati mwana wa sukulu belu likalira. Chimene chayamba kugwedezeka pamaso pake n'chimene agwire, kaya ndi chitenje pachingwe, kaya ndi thadzi. Si nkhanza ayi, akusowa ntchito. Ndipo musamawalonjeze anthu kuti poti tamufula afatsa. Kufula kumachepetsa kuyendayenda kofuna zazikazi, mphamvu za miyendo zimakhala zomwezo.

Nesi wa ziweto, Zomba: Pa zaulerezo ine ndili nanu achemwali. Galu wa makutu oima chonchi ukamupereka ulere, mawa ukamupeza akugulitsidwa m'mbali mwa msewu, kapena wabwerera pa tcheni pomwe. Komanso abwanawo aiwala kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mankhwala ogonetsera, ulusi wosokera, ivermectin, zonse zoitanitsa kunja zinakwera? Ndalama imene womutenga amapereka sikwanira ngakhale opaleshoni yokhayo. Mukaichotsanso, galu wotsatira mudzamuchiritsa ndi chiyani?

AVO, Mchinji: Amayi, ndikumva, koma werengani mbali inayo. Sabata iliyonse imene galuyo ali m'khola mwanu akudya mgaiwa ndi bonya, akufuna dibi, akufuna munthu wokolopa, ndipo watseka malo a galu wina wodwala. Mukamusunga miyezi itatu podikira wolipira, mwawononga zoposa zimene mukudikirazo. Chinanso, amene anamubwezawo si analipira onse? Kulipira sikunawaphunzitse kumuyendetsa. Kuno ndili ndi alimi a ng'ombe amene ndalama ya nthawi imodzi alibe, koma mnyamata wawo amapita kudambo m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Galu wanuyo akufuna moyo umenewo.

Wophunzira, Bunda: Pepani akuluakulu, nanga makampani a alonda? Si amafuna agalu otere?

Dokotala, Blantyre: Ena amasamala bwino, koma kaoneni kaye kumene agaluwo amagona. Ndinaonako kwina agalu ali m'tizikhola tawaya, ndowe zili pansi, mbale yamadzi ili gwa. Galu amene wachoka kumene pa tcheni sindingamutumize kotero. Maganizo a AVO ndi abwino, koma kumudzi nkhuku zili ponseponse, ndipo akapha ya mnansi mlandu ukathera kwa amfumu, galuyo n'kumuthira tameki. Muyambe mwamuphunzitsa. Chingwe chachitali, m'mawa athamange mpaka lilime panja, kenako mudutse naye pafupi ndi nkhuku. Akayang'ana nkhuku n'kutembenukira kwa inu, kachidutswa ka chiwindi chowamba pomwepo. Akalumphira, mubwerere m'mbuyo, muyambirenso patali. Osamumenya, ndipo zomumangirira nkhuku yakufa m'khosi zija n'zabodza. Chakudya chake musamupatse m'mbale, mwazani pa udzu azifufuza ndi mphuno, kumeneko amatopa kuposa kuthamanga.

Nesi wa ziweto, Zomba: Chabwino, koma mlimiyo aperekeko kanthu ndithu, ngakhale thumba la chimanga akakolola, lidyetse agalu otsalawo. Ndipo asayine kuti zikakanika abweza kwa inu, osagulitsa.

Wothandizira dokotala, Lilongwe: Zimenezo abwana angavomere, chifukwa chimanga timagula ndithu mwezi ndi mwezi. A AVO, mungakationere pakhomopo? Ndikufuna kudziwa ngati pali mthunzi, madzi, ndi amene azidzayenda naye. Tizimupereka moyesa kaye masabata awiri.

AVO, Mchinji: Lachinayi ndili ndi dibi kumbali yomweyo, ndidutsako. Mukonzeretu khadi la katemera, tsiku lobayitsanso chiwewe lilembedwe poonekera. Ndipo mnyamata woweta ng'ombeyo ndibwera naye ku Lilongwe adzayende naye yekha galuyo musanamukweze galimoto.

Dokotala, Blantyre: Mumupatsenso mankhwala a nkhupakupa tsiku lonyamukalo. Kudambo n'zochuluka, ndipo akadzaona nkhama zayera, mkodzo wafiira, galu wakana kudya, asadikire, aimbe foni tsiku lomwelo.