Kodi n'zoona kuti ku America makoleji aang'ono akupereka digiri?

Mayi Nabanda, Tsangano:
Mwana wa mchimwene wanga ali ku California. Dzulo pa WhatsApp anandiuza kuti amaliza digiri ya zaka zinayi pa community college, koleji ya zaka ziwiri ija. Kodi zimatheka? Ndikufunsa chifukwa mwana wanga anasiya maphunziro ku Tete, ndalama ya lendi ndi ya chapa (minibasi) itatithera. Mbatata ya chaka chimodzi sikwanira zonsezo.

Mphunzitsi wa ku Domue:
Zimatheka amayi. Kumeneko boma la dera lililonse, lomwe amati state, limapanga lamulo lake. California anayamba moyesa mu 2014 ndi makoleji 15 okha, kenaka mu 2021 anakhazikitsa lamulolo kuti lisathe. Koma anaika malire: kolejiyo isaphunzitse zomwe mayunivesite a boma akuphunzitsa kale. Florida anayamba kale mu 2001, makamaka pofuna aphunzitsi ndi anamwino.

Achimwene a ku Moatize:
Ine nkhawa yanga ndi pepalalo. Kodi olemba ntchito amalilemekeza ngati licenciatura, digiri ya ku yunivesite yaikulu?

Mayi Nabanda:
Achimwene, pepala ndi lofunika, koma ine ndikuganiza za mtunda. Mnzake wa mwana wanga akuphunzira zaulimi ku yunivesite ya UniZambeze ku Ulongwe, amagona kwa azakhali ake, ufa akutenga kumudzi. Wanga amafuna unamwino. Akanaupeza pafupi chonchi, bwenzi chaka chino akumaliza.