Kodi okalamba angathandize chiyani pa kafukufuku wa kadyedwe ndi kulimbitsa thupi?

Mwana wachisamba:
Amayi anga, omwe ali ndi zaka 68 ndipo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, apemphedwa kuti alowe m'komiti yolangiza anthu ochita kafukufuku wa kadyedwe ndi kulimbitsa thupi pakati pa achikulire. Awauza kuti kuwonjezera pa kuyezedwa, adzathandizanso kusankha zoti zifufuzidwe. Iwo akukayikira chifukwa sukulu sanapite nayo patali. Kodi munthu wotere angawonjezerepo chiyani, ndipo tisamale ndi chiyani asanavomere?

Namwino wopuma:
Bambo, alimbikitseni amayi kuti apite. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azigwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, azichita zothandiza kuti asamagwe masiku atatu pa sabata, ndiponso kuti mchere usafike magalamu 5 pa tsiku. Ziwerengerozi ochita kafukufuku akuzidziwa kale. Chimene sadziwa ndi chimene chimalepheretsa munthu kuzitsatira. Ndikukumbukira mayi wina amene ndinkamudzudzula kuti sakudya zipatso, mpaka tsiku lina anatsegula pakamwa n'kundionetsa mano anayi okha amene anamutsalira, awiri mwa iwo akugwedera. Ndinachita manyazi, pakuti fomu yathu yonse inalibe funso lililonse lokhudza mano. Gogo wokhala m'komiti akanaliona vutoli fomuyo isanasindikizidwe.

Wophunzira za umoyo:
Ndikugwirizana nanu, mayi. Mu 1972 ku North Karelia, m'dziko la Finland, kumene amuna ambiri ankafa ndi matenda a mtima, akatswiri sanagwire ntchito paokha. Anthu a m'deralo ndiwo anayamba kupempha boma kuti lichitepo kanthu, kenako magulu a amayi, masukulu ndi opanga zakudya anathandizana pochepetsa mafuta a nyama, mchere ndi fodya, ndipo m'zaka zotsatira imfa zoterezi zinatsika kwambiri. Ukalambanso si chifukwa chotayira mtima: kafukufuku wa ku America wa mu 2002 anapeza kuti kusintha kadyedwe ndi kuyenda kunachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 58 peresenti, koma kwa azaka 60 kupita m'tsogolo chinatsika ndi 71 peresenti.

Mphunzitsi wachikulire:
Chenjezo langa ndi lakuti makomiti ena amangokhala a dzina lokha, moti achikulire amaitanidwa zonse zitagamulidwa kale. Amayi afunse ngati maganizo awo angasinthe mafunso a kafukufukuyo, ngati zotsatira zidzabwezedwa kwa iwo m'chilankhulo chimene amamva, ndiponso amene adzasunge zokhudza matenda awo. Adziwenso kuti ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse popanda kulandidwa chithandizo cha kuchipatala, ndipo asasiye kumwa mankhwala awo kapena kuyamba masewera olemetsa asanakambirane ndi dokotala amene amawaona.