Kodi J. T. McIntosh wa ku Scotland anathera kuti?

NyenyeziYaMmawa analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndangomaliza kuwerenga One in Three Hundred, buku la nkhani yopeka ya sayansi lomwe linatuluka mu 1954, ndipo mtima sukukhazikika. Dzuwa latsala pang'ono kutentha mopitirira muyeso, dziko lonse lipsa, koma zombo zothawira ku Mars ndi zochepa moti mwa anthu 300 alionse apulumuka ndi mmodzi yekha. Woyendetsa chombo wina, Bill Easson, amutumiza m'katauni ka anthu pafupifupi 3,000 kuti akasankhe anthu 10. Ena onsewo atsale. Amene analemba ndi J. T. McIntosh. Nanga bwanji tikamakamba za alembi a ku Scotland timangotchula Iain M. Banks ndi Ken MacLeod? Bamboyu anali ndani, ndipo anazimirira pati?

MkuluWaMashelefu analemba:

Achemwali, mwatchula munthu amene ndimamukonda kwambiri. Dzina lake lenileni ndi James Murdoch MacGregor. Anabadwira ku Paisley, kufupi ndi Glasgow, mu 1925, koma zaka zambiri za moyo wake anakhala ku Aberdeen, komwe ankagwira ntchito ya utolankhani. Utolankhaniwo umamveka m'kalembedwe kake: ziganizo zachindunji, nkhani yothamanga, osazungulira.

Nkhani yake yoyamba, The Curfew Tolls, inatuluka mu 1950 m'magazini ya ku America ya Astounding, yomwe mkonzi wake anali John W. Campbell. Musachione chopepuka chimenecho. Mnyamata wa zaka 25, ali kumpoto kwa Scotland, kutumiza nkhani pa positi kuwoloka nyanja yonse ya Atlantic n'kulandiridwa ndi mkonzi wovuta ngati ameneyo! Masiku amenewo mlembi wa ku Britain wofuna kudya za cholembera chake ankayang'ana ku America, chifukwa magazini akumeneko ankalipira bwino kuposa akwawo. N'chifukwa chake buku mwawerengalo likumveka ngati lachimereka, ndipo katauni kaja, Simsville, si ka ku Scotland ayi. Bukulo linayamba ngati nkhani zitatu zosiyana m'magazini ya Fantasy and Science Fiction, kenako anazilumikiza.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti bamboyu anali ndi funso limodzi lomwe silinkamuchoka: ndani woyenera kukhala ndi moyo, nanga amene akusankhayo mphamvu wazitenga kuti? Mu World Out of Mind, la 1953, anthu amawaika m'magulu malinga ndi mayeso, ndipo amene akukwera mpaka pamwamba ndi mlendo wochokera kudziko lina wovala thupi la munthu. Mu The Fittest, la 1955, agalu, amphaka, makoswe ndi mbewa zapatsidwa nzeru kudzera m'kafukufuku wa asayansi, ndiye zayamba kulimbana ndi anthu. Nkhani zosiyana, koma mpeni wake ndi womwewo. Munthu amene anakula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, n'kudzayamba kulemba pamene aliyense ankaopa bomba la nyukiliya, sindidabwa kuti ankaganiza zotere.

Anathandizanso kulemba filimu ya Satellite in the Sky ya 1956, ndipo analembako mabuku ena osakhudza sayansi pogwiritsa ntchito dzina loti James Macgregor. Anamwalira mu 2008, koma anali atasiya kale kutulutsa mabuku. A Planet Called Utopia, la 1979, lili kumapeto kwenikweni kwa ntchito yake.

Nthanda analemba:

Pepani bambo, ine apa ndisiyana nanu pang'ono. Zoti anali ndi luso loyambitsa nkhani sindikukana. Gawo loyamba la buku lija, pamene Easson akuyenda m'tauni aliyense akumumwetulira chifukwa akudziwa kuti moyo wake uli m'manja mwa mnyamatayo, ndi lamphamvu zedi. Koma akangonyamuka padziko nkhani imayamba kufooka, ndipo za ku Mars sizinandikhutiritse.

China, taonani mmene amalembera za akazi. Kawirikawiri mkazi akalowa m'nkhani, choyamba kumva ndi maonekedwe ake. Ndipo funso mukulitamalo, nthawi zambiri iye amaliyankha mosavuta kwambiri: wamphamvu ndi wanzeru apite, wofooka atsale. Ine ndimafuna kuona wosankhayo akusowa tulo kuposa mmene McIntosh amamusowetsera. Ndiye sindinganene kuti anangoiwalika popanda chifukwa.

MkuluWaMashelefu analemba:

Za akazizo mwanena zoona, mayi, ndipo sindimuikira kumbuyo. Mabuku ake a m'ma 1970 nawonso safika pa oyambirira aja.

Koma kuiwalika kwake kuli ndi gwero linanso. Mu 1964 Michael Moorcock anakhala mkonzi wa New Worlds, magazini ya ku Britain yomwe kale inali m'manja mwa John Carnell, ndipo anapereka mpata waukulu kwa alembi ngati J. G. Ballard, ofuna kulemba za m'maganizo a munthu ndi kuyesa kalembedwe katsopano. McIntosh anapitirizabe kulemba mmene ankalembera mu 1953. Magazini a ku America omwe ankamudyetsa anali akutha mmodzimmodzi. Pamene Banks ankatulutsa Consider Phlebas mu 1987, anthu n'kuyamba kunena kuti ku Scotland kuli alembi a nkhani za sayansi, mkulu wa ku Aberdeen uja anali atakhala chete kwa zaka zingapo, mabuku ake osasindikizidwanso. Zimandipweteka kuti amene anayamba kulima mundawo sakumbukiridwa pokolola.

NyenyeziYaMmawa analemba:

Zikomo nonse awiri. Mayi Nthanda, za ku Mars zija nanenso ndinaziwerenga mothamanga, koma pa Easson sindikugwirizana nanu. Ine ndinaona ngati kuuma mtima kwakeko ndi njira yoti asapenge, chifukwa munthu wosiya anthu pafupifupi 2,990 kuti afe sangamalirire aliyense payekha. Bambo, pakati pa The Fittest ndi World Out of Mind ndiyambe liti? Makoswe anzeruwo akundiopsa kale, koma ndi amene akundikoka.