Kodi poizoni amapezeka bwanji m'thupi la womwalira?

Wophunzira wa ku Chirunga:
Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu akamwalira mokayikitsa, akatswiri amadziwa bwanji chimene anamwa, popeza thupi limasintha mankhwala amene alowa?

Bambo a ku Matawale:
Chiwindi ndicho chimagwira ntchito yaikulu yoswa mankhwala, kotero akatswiri amafufuzanso zotsalira zake. Heroin amatha m'magazi m'mphindi zochepa, koma amasiya zotsalira zotchedwa 6-MAM ndi morphine, ndipo 6-MAM ndiye umboni woti munthuyo anagwiritsadi ntchito heroin. Tameki amalepheretsa cholinesterase, chinthu cha m'thupi chothandiza minyewa, kugwira ntchito, n'chifukwa chake womwa amatuluka dovu lambiri, mwana wa diso lake n'kuchepa ngati kadontho.

Mayi a ku Chinamwali:
Ndiwonjezere za mowa, pakuti ambiri amasokonezeka pamenepa. Thupi likayamba kuwola, makamaka kukatentha, mabakiteriya amapanga mowa, ndipo munthu amene sanalawepo kachasu angaoneke ngati anali ataledzera. Choncho magazi amatengedwa mumtsempha wa pantchafu, amathiridwa sodium fluoride woletsa mabakiteriya kupanga mowa, ndipo amayezanso madzi a m'diso, amene sawonongeka msanga.

Bambo a ku Matawale:
Zoona mayi. Kuyeza koyamba kwachangu, kotchedwa immunoassay, kumangolozera, ndipo nthawi zina kumanama. Kukhoti kumafunika chitsimikizo cha makina ozindikira mankhwala molondola, monga a GC-MS.