Probox yayatsa check engine titangothira ethanol wa theka, thandizeni

Mwale, Dwangwa: Akuluakulu mutu waima. Anyamata atatu a pa koleji ina akuchita kafukufuku wa ethanol, anabwera pa shopu kuti tigwirizane: ine ndiike ma spare ndi manja, iwo mafuta ndi zolembalemba, dzina la shopu lidzatuluke mu lipoti lawo. Ndinalola, mpaka ndinapereka Probox yanga yomwe, ya injini ya 1NZ. Tinasakaniza malita 10 a petulo ndi 10 a ethanol. Kupita ku Boma bwinobwino, pobwerera check engine yayaka. Scanner ikuti P0171, kutanthauza kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo trim, mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera, yakwera mpaka kumapeto. M'mawa kuti ilire ndiye mpaka kanayi. Mapulagi atsopano, fyuluta yatsopano, MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndatsuka. Anyamata aja sakuyankha foni, akuti ali pa mayeso. Galimoto yake ndi yomwe ndimakapikulira katundu ku Lilongwe.

Madala Banda, Kamuzu Road: Madzi amenewo mwana wanga. Tsitsa thanki.

Mwale, Dwangwa: Madala thanki tinakhuthula tisanayambe, inali youma.

Mayi Nkhoma, zamagetsi: Achimwene, petulo wa malita 10 uja munamutenga kuti? Ngati ndi wa pa filling station ndiye kuti muli kale ethanol. Kuno kusakaniza kunayamba 1982 fakitale ya ethanol ya EthCo itatsegulidwa kwanu komweko ku Dwangwa. Ndiye inu mukuti theka ndi theka pomwe mwapyola theka. Petulo weniweni amafuna mpweya magawo 14.7 pa gawo limodzi la mafuta, ethanol amafuna 9 basi. Oxygen sensor ikuona mpweya wotsala, kompyuta ikuwonjezera mafuta mpaka pomwe Toyota anaiikira malire, kenako ikudandaula. Palibe chomwe chafa apo, galimoto ikungokuuzani kuti ili ndi njala.

Madala Banda, Kamuzu Road: Za masamuzo ine sindikana. Koma ndagwira mainjini a maboti ku Senga Bay zaka zambirimbiri. Msodzi amasiya chigubu padzuwa sabata yonse mwera ukavuta, pobwera injini ikutsokomola. Ukamasula kabuleta upeza timadzi toyera pansi pa mbale ndi zoyangayanga ngati phala la mgaiwa. Ethanol amakoka chinyontho, ndipo kunyanja kuno chinyontho sichisowa. Madzi.

Jemusi, Benga: Kkkk madala akati madzi ndi madzi. Ine chaka chatha wa kabaza wina anathira kachasu mu Lifan ati poti mafuta akusowa. Inayenda ndithu kuchoka pa Benga kufika pa mlatho, kenako zii. Anabwera akukankha, iye kununkha, njinga kununkha.

Mayi Nkhoma, zamagetsi: Pamenepo madala ali ndi kamfundo. Ethanol wake ndi uti? Wothira mu petulo amamuchotsa madzi pafupifupi onse, koma spirit wamba amakhala wa 96, otsalawo ndi madzi. Anyamatawo anabwera ndi pepala losonyeza chomwe chili m'chigubumo?

Mwale, Dwangwa: Pepala ayi. Chigubu cha buluu cha malita 20, cholembedwa ndi marker.

Gondwe, Nkhotakota Boma: Ndiye kafukufuku wanji ameneyo? Pepani akulu koma apa mwasanduka mbuzi yoyesera mankhwala. Ku Brazil galimoto yoyamba ya flex, yoyendera petulo kapena ethanol, Volkswagen Gol ya 2003, inatuluka chifukwa a Magneti Marelli, omwe ndi ogulitsa zipangizo, ndi amene analemba pulogalamu ya mu kompyuta yoti izizindikira yokha mafuta omwe ali mu thanki. A Bosch nawo anakhala nayo zaka nkhani yomweyi, mpaka 2009 anatulutsa njira yotenthetsa ethanol asanalowe mu injector kuti galimoto izilira m'mawa popanda kathanki ka petulo. Vuto lanu la kanayi lija anthu anathera ndalama zankhaninkhani. Wopereka zipangizo kumeneko amakhala pa tebulo kuyambira tsiku loyamba, amanena kuti paipi iyi iyenera, pampu iyi siyenera. Inu mwangopereka galimoto.

Mwale, Dwangwa: Zamveka a Gondwe, manyazi ndachita kale. Funso langa, ndiike ma injector akuluakulu? Ndili nawo a injini yokulirapo ya 1ZZ pa shelefu.

Mayi Nkhoma, zamagetsi: Musayerekeze. Tsiku lomwe mudzathire petulo wamba idzayamba kumwa ngati chidakwa, mapulagi bii, catalyst kupsa. Ndipo musaikoke ndi katundu ili lean choncho, mafuta akuchepa, ma valve mudzawalira. Yambani mwayeza mafutawo. Tengani kabotolo koonekera, thirani madzi 10 ml, lembani mzere pomwe alekezera, onjezani mafuta a mu thanki 90 ml, khutchumulani, muike pansi mphindi zingapo. Ethanol amathawa petulo n'kukalowa m'madzi, ndiye mzere uja ukwera. Pomwe wakwerera mudziwa kuti muli ndi wochuluka bwanji. Yezaninso pressure ya pampu, mwina inali yotopa kale, petulo amangoibisa.

Madala Banda, Kamuzu Road: Mwaona, nayenso wafika pa madzi.

Mayi Nkhoma, zamagetsi: Madala, amenewo ndi madzi oyezera!

Gondwe, Nkhotakota Boma: China, musadzagwirenso sipanala popanda kulemberana. Injini ikagogoda alipira ndani? Aphunzitsi awo akudziwa n'komwe? Boma lomwe litafuna kuyesa zimenezi linadzera ku Lilongwe Technical College, anasintha Pajero n'kumaiyendetsa akulemba chilichonse. Sanabwereke galimoto ya munthu yodyera. Onaninso mapaipi a labala ndi ma seal a pa injector, ngati pena munaikapo a mtengo wotsika afufuma posachedwa. Ine ndinaonapo Corolla yakale ikudontha pafupi ndi manifold, mwini wake ali phee akusuta fodya.

Jemusi, Benga: Abale poti mwatchula pampu, alipo ali ndi ya Sienta? Kasitomala wandikhalira pakhomo kuyambira dzulo.

Madala Banda, Kamuzu Road: Ilipo yakale koma yabwino, tumiza wa minibasi. Mwale, thanki ija watsitsa?